Ana 12 ndi Ana 62: Mmene Kompyuta Imathandizira Kuyesa Katemera

Mu Meyi 2023, alangizi a zaumoyo adayenda m'sukulu ndi m'midzi ya ku Chileka ndi Lirangwe, monganso m'dziko lonse, kubaya ana katemera wa taifodi. Makolo ambiri ankafunsa kuti, "Mwadziwa bwanji kuti amateteza?" Funsoli ndi lomveka, ndipo ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzakumana nalo pakhomo pa kalasi. Yankho lake lidachokera konkuno ku Blantyre.

Mu 2018, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome mogwirizana ndi University of Maryland adalemba ana 28,130 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12. Mwa maere, ana 14,069 adalandira katemera wa taifodi, ndipo 14,061 adalandira wa matenda oumitsa khosi. Makolo ndi anamwino owatsatira anawo sankadziwa kuti mwana ali gulu liti. Mwana akatentha thupi ankamutenga magazi kukayeza. Zotsatira zidatuluka mu 2021: m'gulu loyamba ana 12 adapezeka ndi taifodi, m'gulu lachiwiri 62.

Masamu a Fomu 2 akwanira kuona kuti 12 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a 62. Nanga kompyuta ikufunikiranji?

Choyamba, ana sadalembedwe tsiku limodzi. Ena adalowa mu February, ena mu September, ndipo ena adasamuka kafukufuku ali mkati. Mwana amene wayang'aniridwa zaka ziwiri ali ndi mpata waukulu wopezeka akudwala kuposa wa miyezi isanu. Pulogalamu yowerengera imaphatikiza masiku a mwana aliyense payekha, kenako n'kuyerekeza odwala ndi nthawiyo. Mukayesa ndi cholembera pa mizere 28,130, chaka chitha musanamalize.

Chachiwiri ndiye chovuta. Kodi kusiyanaku sikungakhale kwamwayi chabe? Mukaponya ndalama ya K10 m'mwamba kakhumi, si nthawi zonse imagwera mbali iliyonse kasanu. Momwemonso, magulu awiri a ana angasiyane ngakhale katemera atakhala madzi enieni. Pulogalamu imawerengera kuti mwayi wokha ungabweretse kusiyana kwakukulu motani. Pa kafukufukuyu idapeza kuti katemera adachepetsa taifodi ndi 80.7 peresenti, koma idaperekanso malire: pakati pa 64 ndi 90. Malirewa ndi amene tiyenera kuyamba kuyang'ana. Akadatsika mpaka pa 0, bwenzi tikunena kuti mwina katemerayo sagwira n'komwe. Poti ngakhale malire a m'munsi ali pa 64, umboni wake ndi wolimba. Atawatsatira anawo zaka zoposa zinayi, chiwerengero chidakhala 24 ndi 110, kutanthauza 78.3 peresenti.

Mapulogalamu otere alipo angapo. SPSS ndi Stata ndi ogula, ndipo mtengo wake si wa wophunzira wodalira ngongole ya fizi. R ndi waulere, adapangidwa ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku Auckland, koma umafuna kulemba malamulo m'malo mongodina. Kwa ife oyamba kumene, kuvutako kuli ndi phindu: zimene walemba zimatsala, ndipo mnzako angazibwereze n'kuona pamene walakwitsa.

Chimene pulogalamu singachite n'kudziwa zimene zidachitika m'chipinda cha namwino. Zipatala zing'onozing'ono ngati za Chileka ndi Lirangwe zimalemba odwala m'mabuku, ndipo mwezi uliwonse ziwerengero zimapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma, n'kulowa m'dongosolo la DHIS2. Wolemba akaika 200 m'malo mwa 20 pa zaka za mayi, kompyuta imangowerengera osadandaula. Mwana mmodzi akalembedwa kawiri, kamodzi Chikondi kenako Chikond, amasanduka ana awiri. N'chifukwa chake wofufuza amayamba wasanja zaka kuyambira zochepa kufika zambiri, kufunafuna mipata yosadzazidwa, n'kubwerera ku buku kumene chakayikitsa. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo nthawi zambiri imadya masiku ochuluka kuposa kuwerengera kwenikweniko.

Ifenso tikamapita kokaphunzitsa moyeserera tidzagwira kaundula wa kalasi. Mmenemo muli ana amene akujomba chifukwa cha malungo kapena kutsegula m'mimba, mwezi ndi mwezi, ndipo laputopu yobwereka yokhala ndi R ingathe kuwawerenga.