Studio ya mu Laputopu: Mtengo Wake ndi Phindu Lake

Kale, oimba ambiri ku Malawi ankadalira studio za MBC kuti nyimbo zawo zijambulidwe. Lero mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amatha kuphika nyimbo yonse ali m'chipinda chake, bola akhale ndi laputopu, maikolofoni ndi pulogalamu yopangira nyimbo. Pa pulogalamu pomwepo ndi pamene thumba limayamba kulira.

Ambiri amayambira pa FL Studio. Inabadwira ku Belgium kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ikutchedwa FruityLoops, ndipo anailemba ndi Didier Dambrin wa kampani ya Image-Line. Kwa zaka zambiri mtundu wake wotchipa wakhala pa madola 99, koma umenewo sujambula mawu a woimba. Wofuna kujambula ankalipira madola 199. Chokoma chake n'chakuti ukagula kamodzi wagula, zonse zatsopano zimabwera ulere moyo wonse. Ng'oma ija yogunda pamtima mu amapiano a ku South Africa, ya log drum, imachokera m'kachipangizo ka momwemu kotchedwa Fruity DX10.

Logic Pro ili pafupifupi madola 200, koma imagwira pa zipangizo za Apple zokha, ndiye mtengo weniweni uli pa kompyutayo. Ableton Live ya ku Berlin, mtundu wake wathunthu, inafika pa madola 749. Pro Tools, yomwe studio zazikulu zimaikonda, ambiri amailipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka.

Kulipira kosathaku n'kowawa kwa Mmalawi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo ngongole iliyonse ya madola inalemera tsiku lomwelo.

N'chifukwa chake Reaper ikuyenera kutchulidwa mokweza. Anaiyambitsa Justin Frankel, yemwe anapanganso Winamp. Woimba wamng'ono amalipira madola 60 okha, atayamba waiyesa kwa masiku 60, ndipo imayenda ngakhale pa kompyuta yofooka. Zaulere nazo si zonyozeka: ng'oma za mu "Umbrella" ya Rihanna, ya mu 2007, zinatengedwa mu pulogalamu yaulere ya GarageBand.

Inu amene mukupanga nyimbo, mapulogalamu obedwa amabwera ndi mavairasi omwe angawononge ntchito ya miyezi. Sonkhani ndalama, mugule pulogalamu yolipira kamodzi yomwe kompyuta yanu ingaikwanitse.