Akati "ndapindula ndi masheya", umboni abweretse ndani?

Aliyense wa ku Mikolongwe amadziwa kugula nkhuku. Wogulitsa akati iyi ndi ya Mikolongwe yeniyeni, Black Australorp, wogula sangovomera. Amainyamula kuti amve kulemera kwake, amayang'ana nthenga zakuda zonyezimira zija, amafunsa kumene inachokera. Ndipo wogulitsa sakwiya. Koma anthu omwewa akalowa m'magulu a WhatsApp okamba za masheya, nzeru imeneyi amaisiya pakhomo.

Mkangano umayamba chonchi

Wina amaponya chithunzi chojambula pafoni, chosonyeza mamiliyoni. Mnzake amayankha kuti, "Achimwene, limeneli ndi bodza." Woyamba uja amapsa mtima: "Ngati ndikunama, tsimikizani!" Apa m'pamene zimakhotera. Munthu angatsimikize bwanji zimene zili mu akaunti imene sanaionepo? Mapepala ali ndi mwini nkhani. Ngakhale kubwalo la amfumu, wonena kuti mbuzi ndi yake ndiye amabwera ndi mboni.

Zimene aliyense angafufuze

Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli mu Blantyre, ndipo unayamba kugulitsa masheya mu 1996, kampani yoyamba inali NICO. Mitengo yake si chinsinsi, imalengezedwa tsiku lililonse la malonda. Mu 2020 Airtel Malawi inalowa pamsikawu sheya imodzi ili pa K12.69, FDH Bank pa K10. Choncho wonena kuti mitengo inakwera kuchoka pamenepo sakunama. Funso ndi lakuti, kodi iyeyo anagula? Angati? Liti?

Umboni weniweni

Chithunzi cha pafoni si umboni. Mwana wodziwa kompyuta akhoza kuwonjezera maziro atatu nsima isanapse. Masheya a pamsikawu amagulidwa kudzera mwa broker wokhala ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital. Malonda akachitika, broker amapereka chikalata chotchedwa contract note, cholemba tsiku, kampani, chiwerengero cha masheya, mtengo ndi ndalama zodulidwa. Masheyawo amalembedwa m'dzina la mwini wake m'kaundula wa eni masheya wotchedwa CSD.

Pali chinanso chimene ambiri amachilumpha. Phindu la papepala silinafike m'thumba. Msika wathu ndi waung'ono, masiku ena masheya a kampani ina amakhala osapeza wogula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Komanso mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndiye wowerenga phindu lake awerengerenso zimene ndalamazo zingagule lero.

Nayenso wotsutsa ali ndi katundu wake

Kunena kuti "sindikukhulupirira mpaka ndione" ndi ufulu wanu. Kunena kuti "uyu ndi wakuba" ndi nkhani ina, tsopano mwanena inu, ndipo umboni ukufunika kwa inu. Kuipitsa dzina la munthu pagulu kukhoza kukufikitsani kukhoti.

Chimandiwawa ine n'chakuti mikanganoyi imathera pa anthu osalankhula m'gulumo. Mayi wa banki m'khonde amangowerenga mwakachetechete, kenako n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa amene wafuula kwambiri, poti walonjeza kumugulira masheya. Wodzitama chabe angathe kubisa mapepala ake, ndi zake zimenezo. Koma akangopempha ndalama za anthu, aonetse chiphaso chake, ndipo mayiyo aimbire kaye ku Reserve Bank kufunsa ngati dzinalo akulidziwa.