Ma blind a pazenera: mayina ake ndi kaikidwe kake

Blind ndi chotchingira kuwala pazenera chimene chimayendetsedwa ndi chingwe, katcheni kapena kandodo, ndipo kawirikawiri chimadulidwa molingana ndi zenera limodzi lokha. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwake ndi katani. Katani ikatalika telala amaipinda, ikaperewera amalumikiza nsalu ina. Blind ikangoposa ndi sentimita imodzi imakana kulowa m'malo mwake, ndipo ogulitsa ambiri sailandiranso poti inadulidwa pa muyezo umene wogula anapereka yekha. N'chifukwa chake mawu a amisiri a ntchitoyi ndi ofunika kuwamvetsa munthu asanatulutse ndalama.

Ku America amasiyanitsa mawu awiri: blind ndi ya timizere tolimba totembenuzika, pamene shade ndi nsalu yathunthu yongokwera ndi kutsika. Ku Britain ndi ku South Africa zonsezi amangoti blind.

Wodziwika kwambiri ndi mtundu wa Venetian, wa timizere togona totchedwa slats. Dzinali likuchokera ku mzinda wa Venice ku Italy. Edward Bevan analembetsa umwini wa kapangidwe kake ku London mu 1769, ndipo mu 1841 John Hampson wa ku New Orleans analembetsa njira yotembenuzira timizereto. Akale anali a matabwa olemera. A aluminiyamu opepuka anafala kuyambira mu 1946 kudzera ku kampani ya Hunter Douglas. Lero timizere ta aluminiyamu nthawi zambiri timakhala ta mamilimita 25 m'lifupi, ta matabwa 50. Timakhala pa tizingwe tolukidwa ngati makwerero, totchedwa ladder. Munthu akapotoza kandodo, chingwe cha kutsogolo cha makwererowo chimatsika, cha kumbuyo n'kukwera, ndipo timizere tonse timapendekera pamodzi. Ubwino wake ndi umenewu: kuwala ndi kamphepo zimalowa koma wodutsa panja saona m'nyumba. Chovuta ndi fumbi. M'miyezi youma ngati Seputembala ndi Okutobala kamzere kalikonse kamafuna kupukutidwa pakokha, ndipo ka aluminiyamu kakapindika kamodzi sikawongokanso bwino.

Vertical blind ili ndi timizere toimirira, totchedwa vanes kapena louvres, ta mamilimita 89 kapena 127. Pansi pa kamzere kalikonse pamakhala kanthu kolemera kuti kasamauluke. Ndiyo imakonda kuoneka m'maofesi ndi pa zitseko zikuluzikulu za galasi.

Roller blind ndi nsalu imodzi yokulungidwa pa chubu. Chubu chokhala ndi sipuling'i m'kati, chimene chimaima munthu akangosiya kukoka, anachilembetsa ndi Stewart Hartshorn ku America mu 1864. Pa mtundu umenewu nkhani yaikulu ndi nsalu. Ya blackout silola kuwala kudutsa, choncho imayenera kuchipinda chogona. Ya sunscreen ili ndi timabowo ting'onoting'ono. Masana wa m'nyumba amaona panja, wa panja osaona m'kati, koma usiku magetsi akayaka zimatembenuka, wa panja ndiye amaona zonse. Ambiri amazindikira zimenezi atakhoma kale. Roman blind ndi nsalu yopindika m'magawo ikamakwera, cellular ili ndi timatumba tonga zisa za njuchi tosunga mpweya kuti kutentha kusadutse msanga, ndipo ya nsungwi kapena bango imakulungika monga mphasa.

Mbali ya pamwamba, momwe mumakhala tizipangizo toyendetsa blind, ndi headrail, ndipo imagwidwa ndi tizitsulo totchedwa brackets. Ya pansi ndi bottom rail. Muyezo umaperekedwa pawiri: width, kutanthauza m'lifupi, kenako drop, kutalika kuchoka pamwamba kufika pansi. Width ndiyo imayamba kutchulidwa, ndipo wosinthanitsa manambalawa amalandira blind ya zenera lina.

Kaikidwe kalipo kawiri. Recess fit ndi kulowetsa blind m'kati mwa mphako ya zenera. Face fix ndi kuikhoma pakhoma pamwamba pa mphakoyo. Posankha recess, mmisiri amayeza m'lifupi malo atatu ndi tepi yachitsulo, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kutenga nambala yochepetsetsa, chifukwa pulasitala wa pamanja sawongoka ngati lula. Opanga amachotsapo pafupifupi sentimita imodzi kuti blind isakhule khoma. Wogula ayenera kunena momveka ngati nambala yake ndi recess size, ya mphako yeniyeniyo, kapena blind size, yochotsera kale. Kupanda kutero sentimita ija imachotsedwa kawiri ndipo m'mbali mumatsala mpata wolowa dzuwa. Kuya kwa mphako nakonso kumayezedwa. Zogwirira za mafelemu achitsulo ndi ma burglar bar omangidwa m'kati zimadya malo, ndipo blind yogunda chogwirira sitsika mpaka pansi. Zikatero face fix ndiyo yoyenera, ndipo muyezo umawonjezeredwa masentimita angapo mbali iliyonse.

Pamwamba pa zenera pamakhala lintel ya konkire, choncho pobowola pamafunika nsonga yoboolera konkire ndi mapulagi a pulasitiki ogwira masikuluwu. Levulo, yoonera ngati blind yakhala mowongoka, siyenera kusiyidwa. Roller blind yopendekeka pang'ono imakulungikira mbali imodzi mpaka nsalu kuyamba kusasuka m'mphepete.

Zingwe zolendewera zapha ana ang'onoang'ono pokola khosi, makamaka pamene bedi laikidwa pafupi ndi zenera. Mu 2014 mayiko a ku Ulaya anakhwimitsa muyezo wotchedwa EN 13120, wofuna kuti katcheni kazimangiriridwa kukhoma kapena kazikhala ndi polumikizira poduka pokha pakalemedwa. Chingwe cha Venetian chimakulungidwa pa kachitsulo kotchedwa cleat, kokhomedwa pa mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo kuchoka pansi, pamene mwana sangafikire.