Lamba wobisika amene amasenza zokolola zanu

Mlimi akayamba kupeza bwino, atagula ng'ombe ndi kufolera nyumba ndi malata, mtima umatembenukira ku galimoto. Ena mwa inu amene munaphunzira pano muli kale ndi vaneti yotutira matimati, nshawa ndi soya kupita nazo ku msika, ndi kubwerera ndi fataleza. Ena mukusunga ndalama kuti mugule. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Galimoto ili ndi zofuna zake, ndipo china mwa izo simungachione ngakhale mutamatsegula boneti m'mawa uliwonse. Ndicho lamba wa mano amene amakanika amamutcha timing belt.

Matayala akatha mumawaona. Mabuleki akadyeka amalira. Batire ikafooka imakuchenjezani m'mawa wozizira wa mu Juni. Lamba uyu yekha amagwira ntchito bwinobwino kufikira mphindi imene adukira, ndipo pa injini zambiri sapita yekha: amaononga ndi zina zamtengo wapatali. N'chifukwa chake sasinthidwa poyembekeza kuti ayambe wavuta. Amasinthidwa powerenga makilomita ndi zaka, monga momwe mlimi amapatsira ng'ombe katemera zikadali zamoyo ndi zonenepa.

Ntchito yake ndi yotani?

M'kati mwa injini muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika, kuzunguza chitsulo cha pansi chotchedwa crankshaft. Pamwamba pali mavalavu, tizitseko totsegukira mpweya wolowa ndi utsi wotuluka, ndipo amene amawatsegula ndi chitsulo china chotchedwa camshaft. Lamba wathuyu ndiye amalumikiza zitsulo ziwirizi kuti ziziyenda mogwirizana: crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Mano a lamba amalowa m'mano a mapule kuti asaterereke ngakhale pang'ono. Pa injini zambiri za dizilo lamba yemweyo amazunguzanso pampu yopopera mafuta.

Taganizirani amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. Wina akakweza munsi, mnzake amatsitsa, ndipo minsi siikumana chifukwa amamvana nthawi. Pisitoni ndi valavu zimasinthana malo chimodzimodzi, koma pa liwiro loopsa. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, valavu iliyonse imatseguka maulendo 25 pa sekondi imodzi. Lamba akaduka, camshaft imaima, mavalavu ena n'kutsala otseguka, pamene mapisitoni akuthamangabe. Pa injini za dizilo mpata wa pakati pa pisitoni ndi valavu ndi wochepa kwambiri, choncho zimagundana. Mavalavu amapindika, nthawi zina camshaft imathyoka, pisitoni n'kuphwanyika, ndipo mutu wa injini uyenera kutsitsidwa. Ntchito imene ikanatenga tsiku limodzi imasanduka ya masabata, ndipo mtengo wake umachuluka kangapo.

Lamba uyu musamusokoneze ndi fan belt, amene amaoneka poyera kutsogolo kwa injini. Timing belt amakhala kuseri kwa chivundikiro, ndipo kuti mumuone muyenera kumasula mabawuti.

Kodi galimoto yanu ili naye?

Si injini zonse zili ndi lamba. Zina zili ndi tcheni, zina zili ndi magiya okhaokha. Mathirakitala a Massey Ferguson okhala ndi injini ya Perkins amayendera magiya, choncho nkhawayi palibe. Toyota Corolla ndi Probox za injini ya 1NZ zili ndi tcheni, imene imakhalitsa malinga ngati oilo akusinthidwa pa nthawi yake. Koma galimoto zambiri zimene alimi amazikonda zili ndi lamba: Toyota Hilux ndi Hiace za dizilo za injini ya 2L, 3L ndi 5L, Hilux ya D-4D ya injini ya 1KD ndi 2KD, Land Cruiser ya 1HZ, Mitsubishi L200 ya 4D56, ndiponso Corolla yakale ya 4A ndi 5A. Injini ya 4D56 ili ndi malamba awiri, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo wamng'onoyo akaduka akhoza kulowa m'mano a wamkulu n'kumusokoneza. Onse awiri amasinthidwa pamodzi.

Pa Hilux ndi Hiace za 3L muyeso wodziwika ndi makilomita 100,000, pamene pa D-4D ndi 150,000. Buku la galimoto yanu ndilo liyenera kukhala ndi mawu omaliza. Makilomita otere amaoneka ngati ambiri, koma tiyeni tiwerenge. Kuchokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570. Mlimi wopita ndi katundu ku Soweto Market kawiri pa mwezi amayenda makilomita oposa 27,000 pa chaka, osawerengera maulendo a kumunda ndi a pa boma. Makilomita 100,000 amakwana zaka 4 zisanathe.

Amene galimoto yake imangokhala pansi pa mtengo wa mango asadzinyenge. Lamba ndi mphira wolimbitsidwa ndi ulusi, ndipo mphira amauma ndi kung'aluka ndi zaka, ngakhale galimoto isakuyenda. Lamba amene wapitirira zaka 5 kapena 6 ndi woyenera kumukayikira. Kutentha kwa mu Okutobala, fumbi la misewu ya kumidzi ndi katundu wolemera zimafulumizitsa ukalamba wake.

Galimoto zogula kwa ena

Galimoto zambiri za muno m'Zambia zinabwera zitayenda kale ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Nakonde, ndipo zina zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi. Manambala a pa wotchi ya makilomita sanena zoona nthawi zonse. Amakanika a ku Japan kawirikawiri amamata kapepala pa chivundikiro cha lamba kapena pansi pa boneti, kosonyeza tsiku ndi makilomita amene anasinthira. Kafuneni. Ngati palibe, ndipo wogulitsa alibe risiti, werengerani lamba watsopano pa mtengo wogulira galimotoyo.

Pa Toyota zina za dizilo pali kanyali kolembedwa T-BELT. Kanyali aka sikaona lamba, kamangowerenga makilomita. Munthu akhoza kukazimitsa osasintha kanthu. Kakayaka, pitani kwa makanika msanga. Kakakhala kozima pa galimoto yogula kwa wina, si umboni wakuti zonse zili bwino.

Lamba sayenda yekha

Apa ndi pamene alimi ambiri amataya ndalama poyesa kusunga ndalama. Lamba amayenda pa timagudumu ta mabering'i: tensioner, imene imamukoka kuti akhale wolimba, ndi idler, imene imamuwongolera njira. Timagudumu iti tazungulira makilomita ofanana ndi a lamba wakaleyo. Kamodzi kakagwira, lamba watsopano amapsa kapena kulumpha mano, ndipo chiwonongeko chake n'chimodzimodzi ndi cha lamba woduka. Kuika lamba watsopano pa mabering'i akale kuli ngati kumanga joko latsopano ndi zingwe zofumbwa.

Kuseri kwa mapule kuli mphira zotchinga oilo, zimene amakanika amazitcha oil seal. Zikayamba kudontha, oilo amanyowetsa lamba ndi kumufewetsa, mano n'kuyamba kuthothoka. Pa injini zina lamba yemweyo ndiye amazunguza pampu ya madzi, ndipo pa zina pampuyo ili pafupi kotero kuti kuifikira n'kumasula zomwezo. Gawo lalikulu la malipiro a makanika ndi la kumasula ndi kumanganso. Ndi chanzeru kusintha zonsezi pa ulendo umodzi kusiyana ndi kulipira kawiri.

Pogula, tengani nambala ya injini ndi ya chasisi. Malamba amasiyana kuchuluka kwa mano ndi kaumbidwe kake, ngakhale pa injini zooneka zofanana. Masipeya achinyengo alipo, ndipo ena amabwera m'mabokosi okongola. Mtengo wotsika modabwitsa ukuchenjezeni. Lamba watsopano asapindidwe mwamphamvu kapena kupotokoledwa, chifukwa ulusi wa m'kati umaduka mosaoneka.

Zimene muyenera kuona kwa makanika

Ntchitoyi si yophunzirira pa galimoto imene banja limadalira. Komabe mwini wake ayenera kudziwa zofunsa, pakuti safunsa anadya phula. Makanika wodziwa amayamba wayika zizindikiro za pa mapule onse pa malo ake asanachotse lamba wakale. Lamba atachoka, sazunguza crankshaft kapena camshaft mwachisawawa. Akaika watsopano, amazunguza injini ndi sipanala maulendo awiri athunthu, n'kuonanso ngati zizindikiro zabwerera pa malo ake, asanalize ndi kiyi. Dzino limodzi lolakwika limachepetsa mphamvu, kuchulukitsa utsi ndi kumwetsa mafuta. Pemphani kuti akubwezereni zonse zimene wachotsa, kuti mudzionere nokha kuti zasinthidwadi, ndiponso kuti chivundikiro chibwezedwe ndi mabawuti ake onse.

Ngati injini yazima mwadzidzidzi muli pa ulendo, ndipo poliza ikumveka yopepuka ndi yothamanga mosiyana ndi masiku onse, lekani pomwepo. Musapitirize kuliza, ndipo musapemphe anthu kuti akukankheni. Kuzunguza kulikonse kumawonjezera chiwonongeko. Funani wokukokani.

Nthawi yabwino ndi iti?

Tsoka silinunkha, koma ili ndi tsoka limene mlimi akhoza kulisankhira tsiku. Lamba woduka pa mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, mabokosi a matimati ali padzuwa, amadya injini ndi zokolola zomwe. Woduka mu Novembala amachedwetsa mbewu ndi fataleza mvula yoyamba itagwa kale, ndipo nthawiyo ndalama zimakhala zitapita kumunda. Nyengo yoyenera ndi ya pakati pa Julayi ndi Seputembala, mutagulitsa chimanga, soya kapena mpendadzuwa, misewu ili youma ndipo galimoto ikhoza kupuma tsiku limodzi osaononga ntchito.

Buku limene mumalembamo masiku odzala, opopera ndi a katemera likhale ndi tsamba la galimoto. Lembanimo nambala ya injini, tsiku ndi makilomita amene lamba anasinthidwira, zina zimene zinasinthidwa naye, ndi makilomita amene adzafunikenso. Pa ulendo uliwonse wa ku msika patulani kangachepe ka ntchito imeneyi, monga mumapatulira mbewu pokolola. Ndipo lero lomwe, musanaiwale, katseguleni boneti mufune kapepala kaja.