Ba driver, vuto si sipika

Mukakhala mpando wa kumbuyo m'basi ya ku Matero kapena ya ku Chawama, pamwamba pa cibokosi ca sipika cija cimene cimagwedeza msana, cherani khutu nyimbo ikatha, ina isanayambe. Mudzamva kaphokoso koonda ngati ka udzudzu. Dalaiva akaponda mafuta kamakwera, akasintha giya kamatsika, pa maloboti kamangolira pansipansi. Madalaiva ena akamva zimenezi amati sipika yang'ambika, nathamangira ku Town Centre kukagula ina ndi ndalama imene ikanakwanira cashing ya abwana. Amaika yatsopano, udzudzu uli pomwepo. Sungacoke cifukwa sukhala m'sipika.

Nyimbo imene ili m'foni mwanu ndi manambala okhaokha. Kuyambira pamene CD inatuluka mu 1982, muyezo wofala ndi wakuti mawu amapimidwa ka 44,100 pa sekondi imodzi, ndipo kupima kulikonse kumalembedwa ngati nambala imodzi mwa manambala 65,536. Koma sipika sidziwa masamu. Iyo imafuna magetsi okwera ndi kutsika kuti ikankhe mphepo mpaka m'khutu mwanu. Pakati pa ziwirizi pamafunika womasulira, monga uja wa ku chalichi amene amaima pambali pa mlaliki wacilendo. Womasulira ameneyu ndi kacipangizo kochedwa DAC. Foni iliyonse ili nako. Kampani ya Apple itacotsa kabowo ka mahedifoni pa iPhone 7 mu 2016, makampani ena anatsatira, ndipo DAC yoyimbira kunja inasamukira m'kacingwe kafupi kaja kamene mumalumikiza pa bowo lochajira, kapena m'tumahedifoni twa Bluetooth.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amakonza mafoni pa kathebulo m'tauni. Kasitomala wake wina, dalaiva wa Hiace, ali ndi ampu yabwino pansi pa mpando, koma wailesi yake ndi yakale ndipo foni imene anagula ilibe kabowo. Tuzingwe twa mumsewu anagulapo tutatu, tonse tunafa ndi kukokedwa. Mnyamatayo anamulonjeza kabokosi kolandira nyimbo pa Bluetooth n'kuzipereka ku ampu, kopangidwa ndi manja ake, nalandiriratu theka la ndalama. Ndinakhala naye masiku awiri a Ciwelu kuona ngati lonjezolo lidzakwaniritsidwa, cifukwa pa siteshoni mbiri ya munthu wanchito imathamanga kupambana basi.

Pathebulo panali tuzinthu tutatu. Koyamba ndi kabodi kofiirira, kocepa kuposa bokosi la macisi, kokhala ndi cip ya PCM5102A ya kampani ya Texas Instruments. Ameneyu ndiye womasulira. Kaciwiri ndi ESP32 ya kampani ya Espressif ya ku Shanghai, kolandira nyimbo kucokera ku foni. Kacitatu ndi kakonveta kotsitsa mavolti 12 a motoka kufika pa 5. Pa ESP32 pali msampha umene wagwira ambiri. Mitundu yatsopano, C3 ndi S3, ili ndi Bluetooth ya Low Energy yokha, ndipo nyimbo za foni sizidutsa m'menemo mwa njira yofala ya A2DP. Wogulitsa wina anafuna kumupatsa C3, ati ni cimozimozi cabe, yacepa na mtengo. Mphwanga anakana, nafunafuna ESP32 yoyambirira ija. Pulogalamu yake ndi yaulere, amaiika ndi kompyuta kudzera mu Arduino.

Kuwocherera ndi nchito ya maso ndi mtima wodekha. Solda yogwira bwino imanyezimira ndipo imakwera pa pini ngati kaculu. Ikakhala yotuwa, yobulungira ngati nshawa, ndiye kuti yangokhala pamwamba, ndipo basi ikagunda pothole yoyamba idzalekana. Mawaya onyamula nyimbo ndi atatu, m'dongosolo lochedwa I2S limene kampani ya Philips inakhazikitsa mu 1986. BCK ndi ng'oma yopereka sitepe, LCK imanena kuti nambala iyi ndi ya sipika ya kumanzere kapena ya kumanja, DIN ndiyo imanyamula manambalawo. Onjezani waya wa magetsi ndi wa earth, basi kwatha. Mawayawa afunika kukhala aafupi, osapitirira kutalika kwa cala.

Atayatsa, foni inapeza kabokosiko, nyimbo inayamba kuyenda pa sikirini, koma m'sipika munali zii. Apa m'pamene ambiri amataya mtima n'kunena kuti anawagulitsa gong'a. Mphwanga sanagwire waya uliwonse. Anatenga mita, wakuda pa earth, wofiira pa pini iliyonse motsatana.

"Amalume, onani apa," anatero. "Iyi XSMT ifunika kunkala pa 3.3. Manje ilibe kantu. Kacip kali bwino, bacita cabe kukavala pakamwa."

XSMT ndi pini yotseka mawu. Ikakhala pansi, cip imakhala cete ngakhale zonse zili bwino. Kumbuyo kwa kabodi kofiirirako kuli malo anayi olembedwa H1L, H2L, H3L ndi H4L, ndipo mabodi ambiri amabwera malowa asanawocherere. Lacitatu ndilo la XSMT, limalumikizidwa ku mbali ya H. Ena atatuwo amapita ku L. Palinso pini ya SCK imene ambiri amaisiya ili lende poganiza kuti ilibe nchito. Imeneyo imafunika kumangidwa ku earth, kuti cip idziwe kuti palibe wochi yocokera kunja, ipange yake kucokera ku BCK. Madontho asanu a solda, ndipo gitala ya Amayenge inatuluka yoyera ngati madzi a pa mjigo. Mayi wogulitsa maswiti pafupi anayamba kugwedeza mapewa.

Cimene ndinakonda n'cakuti mnyamatayo amasintha cinthu cimodzi, n'kumvetsera, kenako cina. Ndaonapo okonza mawailesi amene amasuntha mawaya onse nthawi imodzi. Cinthu cikalira sadziwa cimene cacilizitsa, ndipo cikafanso mawa amayambira pa ziro.

Pathebulo ndi kwina, m'basi ndi kwina. Ciwelu cotsatira dalaiva anabweretsa Hiace masana, nthawi imene okwera amacepa. Injini ili yozima, nyimbo inamveka bwino kwambiri. Atangoliza injini, udzudzu uja unatulukira, waukulu kuposa kale.

"Iwe mufana, ndiye vimene nakulipilila ivi?"

"Bakamba, nipaseniko maminiti yabili cabe. Osazimya."

Anazula kabokosiko pa magetsi a motoka, nakalumikiza ku power bank ya foni. Udzudzu unatheratu, injini ikulirabe. Anabwezera pa motoka, unabwerera. Mayeso amenewa sadya ngwee, ndipo dalaiva aliyense angawacite asanatsutse sipika. Ngakhale foni yoyimba pa cingwe ili pa chaja ya motoka imacita cimodzimodzi: zulani chaja, mvetserani.

Gwero lake ndi alternator. Imapanga magetsi osinthasintha, ndipo madayodi amawawongola kuti achaje batire, koma pamatsala tumafunde tung'onotung'ono tumene liwiro lake limatsatira liwiro la injini. N'cifukwa cake phokosolo limakwera mukaponda mafuta. Tumafundeti timapeza njira yolowera pamene zipangizo ziwiri zolumikizana zatenga earth pa malo osiyana. Ampu ya basi iyi inamangidwa ku citsulo kumbuyo, kabokosi kanatenga magetsi kutsogolo pa bowo loyatsira fodya. Malo awiriwa salingana ndendende, ndiye kusiyanako kumayenda m'cingwe ca RCA pamodzi ndi nyimbo, ndipo ampu, posadziwa kusankha, imakuza zonse. Amisiri amati ground loop.

Mphwanga anatsegula pamene ampu inamangidwira. Bauti inali pa penti, pansi pake pali dzimbiri. Anapala mpaka citsulo cinawala, namanga earth ya ampu ndi ya kabokosi pa bauti imodzi. Magetsi anawatenganso pafupi pomwepo, naikapo fyuzi yaing'ono, cifukwa waya wopanda fyuzi pansi pa mpando wa anthu ndi moto wodikira tsiku. Cingwe ca RCA cinali citamangidwa mtolo umodzi ndi ciwaya cacikulu cocokera ku batire. Anacipatula, nacidutsa mbali ina. Udzudzu unatsala wocepa kwambiri moti unafunika kuika khutu pa sipika kuti uumve. Ukanakana, pali kacipangizo kochedwa ground loop isolator, kokhala ndi tumatransifoma tiwiri, kamene kamadula njira ya earth koma nyimbo n'kumadutsa. Twochipa timadyako bezi, ndiye iye amakasunga ngati njira yothera.

Panatsala nkhani imodzi imene dalaiva sanaikonde. PCM5102A imatulutsa mavolti 2.1, mphamvu yoposa imene mafoni ambiri amatulutsa pa kabowo ka mahedifoni. Kabatani ka gain pa ampu kanali kopotokoledwa mpaka kumapeto, ndiye nyimbo ikafika pokwera mawu amaphwanyika. Madalaiva ambiri amayesa gain ndi voliyumu yaciwiri. Nchito yake ndi kulinganiza ampu ndi mphamvu ya cimene cikuidyetsa. Ikapitirira, ampu imadula nsonga za mafunde, ndipo mafunde odulidwawo ndi amene amawocha tumatwita. Nthawi zina sipika imafadi, koma wopha amakhala kabatani aka. Mphwanga anakabweza kufika pakati.

"Manje yacepa power," anadandaula dalaiva.

"Siinacepe, bakamba. Yaleka cabe kukuwa."

Ine pamenepo ndinali kumbali ya mnyamata, ndipo cifukwa canga si sipika. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda kuwononga makutu, ndipo phokoso likakwera nthawiyo imatsika msangamsanga. Inu ndi ine timatsika patapita theka la ola. Kondakita amakhala pafupi ndi cibokosi cija kuyambira m'mbandakuca mpaka usiku, masiku asanu ndi limodzi, ndipo makutu akafa sagulitsa ena ku Kamwala.

Mungafunse kuti bwanji osangogula kolandirira Bluetooth kopangidwa kale. Funso labwino, ndipo pa mtengo wogula amapambana nthawi zambiri. Komanso musanamizidwe kuti DAC yabwino imakonza nyimbo yoipa. Nyimbo imene yatumizidwa kambirimbiri, yofinyidwa mpaka kuuma, idzamveka youma ngakhale pa cipangizo ca mamiliyoni, ndipo Bluetooth nayo imafinyako. Cimene mumapeza pa kabokosi kopanga nokha n'cakuti kakafa mumadziwa potsegula. Kogula kaja kamakhala komatidwa ndi guluu, kakazima n'kotaya, ndipo udzudzu wa alternator nakonso kamaulowetsa ngati earth ili yolakwika.

Dalaiva anamaliza kulipira, ndipo sabata isanathe anatumiza mnzake woyendetsa Rosa. Funso loyamba la mphwanga linali la mabatire. Rosa imayendera mavolti 24, ndipo injini ikamachaja amafika ca m'ma 28. Kakonveta ka MP1584 kamene anaika mu Hiace malire ake ndi 28 yomweyo, ndiye mu Rosa kangakhale pa mlomo wa dzenje tsiku lililonse, ndipo kakapsa kangatenge ESP32 ndi DAC yomwe. Pafunika LM2596, imene imapirira mpaka 40. Wa Rosa anafuna kusiya ndalama tsiku lomwelo kuti amuikire kamene kalipo. Mphwanga anamuuza kuti abwere nayo katundu akafika.