William Koyi, woyendetsa ngolo amene anakhala mtumwi kwa Angoni

Pa Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu kumpoto kwa Malawi, pali manda a amishonale oyamba amene anagwira nchito pakati pa Angoni a Inkosi M'mbelwa. Mmodzi wa ogona pamenepo ndi munthu wakuda mnzathu, William Koyi, Mxhosa wa ku South Africa. Anacoka kwao ali ndi zaka 30, namwalira kudziko la eni pa 4 Juni 1886. Sanali mbusa, ndipo sukulu anaiyamba atakula kale. Taika mbiri yake m'kalata yathu ino cifukwa moyo wake ufanana ndi wa ambiri a ife amene tinakulira kumbuyo kwa ng'ombe, ndipo nthawi zina timadziyesa osayenera kutumidwa ndi Mulungu.

Koyi anabadwa mu 1846 kudera la Thomas River, kum'mawa kwa Cape. Ali ndi zaka khumi, Axhosa ambiri anapha ng'ombe zao ndi kuleka kulima pomvera ulosi umene sunakwaniritsidwe, ndipo njala ya 1857 inabalalitsa mabanja. Iye anakula akutsogolera ng'ombe zokoka ngolo. Pambuyo pake anagwira nchito yotsuka ubweya wa nkhosa ku Uitenhage, kenaka ya m'sitolo ku Port Elizabeth. Anadziphunzitsa yekha kuwerenga Cixhosa, nalowa mpingo wa Wesile mu 1869. Mu 1871 anayenda pansi mpaka ku Lovedale, sukulu ya mishoni ya Free Church of Scotland, kumene ophunzira anali kugawa nthawi pakati pa kalasi ndi nchito ya manja. M'mabuku sanapite patali, koma panja anali wodalirika, kotero kuti anamuika kukhala wothandiza kuyang'anira magulu a ophunzira pa nchito.

Mu 1875 mpingo womwewo unatsegula mishoni ya Livingstonia pa Cape Maclear, kummwera kwa nyanja ya Malawi. Caka cotsatira Dr James Stewart, mkulu wa Lovedale, anapempha ophunzira kuti ena adzipereke kupita kumeneko. Podzipereka, Koyi sanabise kucepa kwa maphunziro ake. Ananena kuti ngakhale nchito yotema nkhuni ndi kutunga madzi adzailandira. Anasankhidwa anayi: Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Wauchope anadwala panjira nabwezedwa kwao. Mngunana, amene anali mphunzitsi, anamwalira mu 1877. Ntintili, mmisiri wa matabwa, anathandiza kumanga mishoni ya Blantyre, nabwerera kwao mu 1880. Wa maphunziro ocepa uja ndiye anakhalitsa.

Masiku ake oyamba ananka ku nchito zimene sizilembedwa kawirikawiri m'mabuku a mbiri. Anali kuyang'anira anchito pomanga nyumba ndi polima minda ya mishoni, kuyenda maulendo a pansi, kuphunzira zinenero za m'mbali mwa nyanja, ndi kutsogolera mapemphero. Malungo anali kugwetsa Azungu ndi anthu akuda omwe, ndipo kalata yocokera kwao inali kutenga miyezi panjira.

Mphatso yake yeniyeni inaonekera mu 1878, pamene anatsagana ndi Dr Robert Laws pa ulendo wofunafuna malo abwino a mishoni. Atakumana ndi Angoni, zinapezeka kuti Cingoni ca masiku amenewo cinali pafupi kwambiri ndi Cixhosa. Angoniwo ndi omwe aja anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, atate a M'mbelwa ndi a Mpezeni wa kuno kwathu. Mzungu anali kufuna womasulira, koma Koyi anali kulankhula nao pakamwa ndi pakamwa. Anadziwa ulemu woyenera pamaso pa inkosi, anadziwa kudikira mpaka akulu atatha kulankhula, ndipo nkhani ya ng'ombe sinali yacilendo kwa iye. Angoni anamudziwa ndi dzina la Mtusane, namuyesa umteteleli, ndiye kuti wowalankhulira pa mlandu.

Atapita kwao kukapuma ndi kukakwatira, anabwerera, ndipo mu 1882 anakhazikika pa Njuyu. Panthawiyo likulu la mishoni linali litasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga. Atonga ambiri anali atathawa ulamuliro wa Angoni, ndipo Angoni anafuna kuti amishonale asiye Atongawo, akhale a iwo okha. Amishonale anakana. Koyi anakhala pakati pa mbali ziwirizi, akunyamula mau a Laws kupita kwa M'mbelwa ndi mau a M'mbelwa kupita kwa Laws. Akadapotoza mau kuti akondweretse mbali imodzi, midzi ya kunyanja ikadapsa. Angoni anapitiriza kumumvera cifukwa sanamupeze ndi bodza.

Sukulu anaikaniza. Akulu a bwalo anaopa kuti ana akaphunzira adzakana kunyamula cishango, ndipo mtundu udzafooka. Motero kwa zaka zinayi nchito ya Koyi inali kuceza m'midzi, kukhala pa bwalo, kulalikira pa Sabata kwa ofuna kumva, ndi kupirira ziopsezo za ankhondo. Mnzake pa Njuyu anali James Sutherland, mnyamata wa ku Scotland amene anabwera ku mishoni monga mlimi. Panali masiku amene awiriwa anamanga katundu wao kukonzekera kuthawa, koma sanathawe. Sutherland anamwalira mu 1885, caka cimene Dr Walter Elmslie anafika pa Njuyu. Popeza sukulu inali yoletsedwa, ana a sing'anga wina wa banja la Tembo anali kubwera usiku mobisa kudzaphunzira kuwerenga.

Kuciyambi kwa 1886 mvula inakana. Nsembe za kwa makolo zitalephera, akulu anapempha amishonale kuti apemphere kwa Mulungu wao. Mapemphero anacitika, ndipo mvula inagwa. Patapita miyezi yocepa bwalo la M'mbelwa linalola kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo unapeza Koyi ali gone pa mphasa, matenda atamufooketsa, ndipo anamwalira pasanapite masiku ambiri. Sukulu yoyamba inatsegulidwa iye atapita. Angoni oyamba kubatizidwa kumeneko, Mawelera Tembo ndi Makara Tembo, anabatizidwa mu 1890, zaka zinayi Koyi ali m'manda.

Nchito ya Livingstonia inadzaoloka malire kufika kuno ku Zambia. Alaliki ocokera ku Ungoni anatsikira kucigwa ca Luangwa pakati pa Asenga, ndipo mishoni za Mwenzo, Lubwa ndi Chasefu zinacokera ku muzu womwewo. David Kaunda, atate a Dr Kenneth Kaunda, nayenso anali mmishonale wakuda wotumidwa ndi Livingstonia ku Chinsali.

Ena a inu amene mutsiriza maphunziro mudzapita kumadera kumene cinenero, cakudya ndi kalimidwe n'zosiyana ndi za kwanu. Mudzanyamula nzeru zabwino: kuphimbira nthaka ndi mapesi, kupanga manyowa, kusinthanitsa cimanga ndi nshawa kapena soya. Musadabwe akulu a mudzi akakana, monga bwalo la M'mbelwa linakanira sukulu. Angoni sanakane cifukwa ca umbuli. Anaona bwino lomwe kuti sukulu idzasintha moyo wao, ndipo anafuna kudziwa mtima wa wobweretsayo. Mlimi amene nkhokwe yake idalira munda umodzi ali ndi cifukwa comveka cokayikira njira yatsopano, pakuti ikalephera, ogona ndi njala ndi ana ake, osati a mlangizi.

Akulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Alangizi ambiri amafika ndi cangu, nacoka dzinja limodzi lisanathe, ndipo mudzi umaphunzira kungowagwedezera mutu. Koyi anamveka cifukwa anakhala, analankhula cinenero ca eni, ndipo mau ake anali amodzi pamaso pa inkosi ndi pamaso pa Mzungu. Tipempha inu amene muli kale kumadera akutali kuti mulime munda wanu pamalo oonekera, mufunse eni nthaka musanawalangize, ndipo muwerengere madzinja atatu kapena anayi musanaweruze ngati nchito yanu yabala. Ife otsala pano tiwakumbukire maina ao m'mapemphero a m'mawa, tisanatenge makasu.