Zomera za Ukwati Wobisika

Mvula ikagwa m'mwezi wa Disembala, amai a ku Matero ndi ku Chawama amadzaza misika ndi bowa. Ku Kanyama, kumene madzi amacedwa kuphwa, makoma a nyumba amabiriwira ndi ndere. Koma palibe munthu amene anaonapo duwa la bowa kapena njere ya ndere. Nanga zinthu zimenezi zimaberekana bwanji?

Funso lomweli linabvutanso Carl Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden. M'caka ca 1735 iye anagawa zomera zonse m'magulu 24, poyang'ana maluwa ake. Pa duwa ukwati umacitikira poyera, pakuti njuci ndi mphepo zimanyamula mungu, ndipo pambuyo pake njere imabadwa. Koma bowa, ndere ndi zomera za masamba onga nthenga, zimene Azungu amati fern, ziribe maluwa. Zimenezi anaziika m'gulu lotsiriza, nalipatsa dzina lakuti Cryptogamia. Dzinali ndi mau awiri a Cigiriki: kryptos ndiko kuti cobisika, ndipo gamos ndiwo ukwati.

Cinsinsico cinaululika pang'ono pang'ono. M'malo mwa njere, zomerazi zimataya timbeu tating'ono tonga fumbi. Mwana wa sukulu angathe kutiona. Adule cipewa ca bowa wa kumsika, aciike cafufumimba pa pepala, nacibvundikira ndi kapu. M'mawa adzapeza fumbi litagona m'mizere yokongola. Ngati fumbilo ndi loyera, pepala lakuda lidzalionetsa bwino.

M'caka ca 1851 Wilhelm Hofmeister wa ku Germany analongosola moyo wonse wa fern ndi ndere za pa nthaka. Mbeu yaimuna imasambira m'kadontho ka madzi kufikira itapeza yaikazi. Nco cifukwa cake zomerazi zimakonda cinyontho.

Masiku ano akatswiri sawerengeranso bowa pa gulu la zomera, cifukwa sapanga cakudya cake ndi dzuwa monga acitira masamba obiriwira. Komabe dzina lija likali kumveka.

Bowa amabisanso cinthu cina. Wina ndi ndiwo yokoma, wina ndi wakupha, ndipo nthawi zina awiriwo amafanana kwambiri. Mwana wanzeru sazula bowa m'thengo nkudya asanaonetse akulu oudziwa. Paja akulu anati safunsa anadya phula.